Dzonzi ndi Duwa la Lupsa

Panali munthu wina kuchigwa cha Bwanje, mlimi wa kudimba, dzina lake Dzonzi. Dzanja la munthuyu linali lachonde moti anthu ankaopa kumubwereka chinthu chamtengo. Mnzake wina anamubwereka mpini wa khasu. Pomwe ankaubweza mawa lake, mpini uja unali utaphuka masamba. Mayi wina anaiwala mthiko m'dimba mwake, ndipo lero pamalopo pali mtengo, akazi a m'mudzimo amangopita kukathyola timithiko. Dzungu lake limodzi analigubuduza amuna asanu ndi mmodzi. Mudzi wonse utadya n'kukhuta, chigoba chake anachisandutsa khola la mbuzi. Wokana akane, koma mbuzizo zilipo.

Dzonzi anali ndi mawu ake amene ankakonda kunena akutsamira khasu: "Chimene chili ndi muzu sichingakane dzanja langa."

Munthuyu anakwatira kutali. Anakwera kumapiri a ku Ntcheu kukagulitsa anyezi, anyezi anatha, iye n'kubwerako mtima utatsala. Mtimawo unatsalira mtsikana wina, Nangozo. Ankhoswe anayenda, abale a mkazi analola, ndipo Dzonzi anamutenga Nangozo chitengwa, kutsika naye kwawo kuchigwa.

Tsono malo awiriwa safanana ngakhale pang'ono. Kwawo kwa Nangozo kumazizira moti tambala amalira ali chifundire, ndipo mphepo ikakupeza ukuyasamula imakutsuka mano. Kuchigwa kumatentha moti masana chithunzithunzi cha munthu chimathawa kukabisala pansi pa mlambe, mwini wake n'kumayenda yekha. Nangozo anazolowera zimene munthu angathe kuzolowera. Anaphunzira kugona m'neti, kuphika denje, kumwa madzi okhala ngati wina wathiramo mchere. Sanadandaule.

Dzonzi ankamukonda mkazi wakeyo kufa. Ndowa yolemera sankamulola kusenza. Kunkhuni ankapita yekha. Phwetekere woyamba kupsa m'dimba, wa Nangozo. Dzira loyamba la nkhuku, la Nangozo. Amuna anzake ankamuseka kuti anadyetsedwa kondaine mphika wonse, mpaka kukombeza. Iye ankangoti, "Kanali kokoma."

Koma mumtima mwa Dzonzi munali munga umodzi. Mkulu wake nayenso anakwatira kumapiri komweko. Mkazi wa mkulu wakeyo anapita kwawo kukapepesa maliro, nati abwera Lachisanu. Zaka zinapita khumi ndi ziwiri, akupepesabe. Dzonzi anaona mmene mkulu wake anakalambira pakhonde, ndipo anadziuza kuti phiri limameza akazi. Ukalibwereka, silibweza.

Choncho Nangozo akati, "Ndikawaoneko kwathu," Dzonzi sankakaniza. Ayi, sanali munthu wankhanza. Ankangoti, "Palibe choletsa, Anangozo. Tiyambe tawokera kabichiyu." Kabichi akagwira, msewu unali woipa ndi mvula. Mvula ikatha, chimanga chinali chofuna kukolola. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, kumapiri kunali kozizira kwambiri, munthu angadwale chibayo. Zifukwa za Dzonzi zinkabereka ngati mbewu zake. Kukakhala zofunika kwa apongozi, ankakwera yekha, atasenza dengu la ndiwo ndi moni wa mkazi wake. Mwanjira imeneyi zinatha zaka zinayi.

Chaka chachinayicho Nangozo anayamba kuwonda. Chibangili chimene chinkathina pamkono chinayamba kutsetsereka chokha mpaka m'zala. Dzonzi anamutengera kuchipatala. Anamuyeza magazi, anamuyeza chifuwa, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, osapeza kanthu. Dzonzi anapha nkhuku, Nangozo analawa msuzi wokha. Nyimbo zimene ankaimba posinja zinatha. Dzuwa likapendeka ankakhala pakhonde, nkhope kumapiri, phee.

Tsiku lina m'chilimwe, utsi unaoneka tolo pamwamba pa mapiri aja. Abusa ndi osaka mbewa anali atatentha tchire, monga amachitira chaka ndi chaka.

"Kwathu kwapsa," anatero Nangozo.

"Pepani," anatero Dzonzi.

"Musapepese. Kukapsa chonchi, pakangopita milungu iwiri kapena itatu, phiri lonse limachita maluwa. Duwa la lupsa. Tili ana tinkathamangamo mpaka mapazi kuda bii."  Pamene ankanena zimenezi, maso ake anawala monga anali asanawalire miyezi yambiri.

Duwa limene ankanenalo n'kanthu kakang'ono. Ophunzira amati ndi mphwake wa mpendadzuwa, ndipo chisoso ndi msuweni wake. Ukaliyang'ana kumaso umaona kuti n'zoona, magazi sanama. Ndi lachikasu, lalifupi, lokhala chogwada pansi kuopa mphepo. Masamba ake ndi obiriwira pamwamba, koma ukawatembenuza ndi oyera mbee ngati wina wawapaka ufa. Dzuwa likawala limatsegula maso, mtambo ukadutsa limatsinzina. Silimera m'munda, silimera pabwalo. Malo ake ndi pamtunda penipeni, pamene mitengo inatopa n'kubwerera, pa dothi la miyala limene ngakhale nandolo angalikane. Palibe amene amalibzala. Muzu wake umakhala pansi zaka ndi zaka, kudikira. Moto ukadutsa n'kuchotsa udzu wakale, mvula isanagwe ngakhale dontho, lokha limatulukira paphulusa.

Dzonzi atamva, anawomba m'manja mumtima. "Kani matenda onsewa ndi duwa? Bwenzi atanena kale!"

M'mawa mwake analawira ndi dengu. Anakwera tsiku lonse, nagona kwa mlamu wake Malizani, mlongo wake wa Nangozo, mlimi wa kachewere. Malizani anali wamfupi thupi, wamtali pakamwa.

"Alamu! Mwabweranso nokha? Mlongo wangayo munamuwokera m'dimba, wazika mizu?"

"Ali bwino. Akupereka moni."

"Moni wake wafika kuno kasanu, mwini wake osafika. Tsiku lina mudzabwere ndi mwini wake, moniyo atsale akuthirira anyezi."

Dzonzi anaseka nawo, kuseka kwa mano okha. Kutacha anapita pamtunda paja. Anapeza monga mkazi wake ananenera: pansi pali bii, pamwamba pake chikasu chokhachokha, kuchokera pamapazi ake mpaka pamene maso analekezera. Sanaime kuti ayang'ane. Anali ndi changu. Anathyola dengu lodzaza, nayamba kutsika chothamanga. Koma atangodutsa misuku n'kufika pa mlambe woyamba, mpweya wa kuchigwa unalowa m'dengumo. Pofika pakhomo maluwa aja anali atasanduka mfutso.

Nangozo analandira ndi manja awiri. Anathokoza. Anasankha atatu amene anali ndi kamoyo, nawaika m'kapu ya madzi. Maluwawo sanatsegulenso maso awo.

"Ndalakwitsa ine," anatero Dzonzi. "Mlimi wanji wothyola m'malo mozula?"

Anakweranso, ulendo uno ndi khasu. Anasankha tsinde limodzi lokongola, nayamba kukumba. Kaduwa kosakwana chala kutalika, koma pansi pake kanabisa chimuzu ngati chibakera cha munthu wamkulu, cholimba gwa, chitaluma mwala uku ndi uku. Dzonzi anakumba kuyambira mame asanaume mpaka dzuwa lili paliwombo. Khasu linapindika ngati lilime la ng'ombe. Malizani anakhala pamwala, miyendo piringize, akutafuna nzimbe.

"Alamu, chimene mukulimbana nachocho n'chachikulu kwa inu. Agogo athu anachipeza pomwepo, ndipo anachipatsa moni."

"Chili ndi muzu?"

"Chili nawo. Si umenewo wakupindirani khasu?"

"Ndiye sichingakane dzanja langa."

"Kaya. Koma mukamaliza mukwirire dzenjelo. Ndili ndi ng'ombe ziwiri zokha, ndipo zonse n'zopusa ngati anthu a kuchigwa."

Dzonzi anauzula muzu uja, naukulunga m'chiguduli chonyowa, natsika nawo ataufungatira ngati khanda. Anaupatsa malo abwino koposa m'dimba lonse, pafupi ndi chitsime, pamene kale pankakhala mabilinganya. Anathira manyowa a mbuzi madengu atatu. Anamanga mpanda kuti nkhuku zisafukule. Anamanga kadenga ka udzu kuti dzuwa lisawawule. Ankathirira m'mawa ndi madzulo, ndipo anthu ena amati ankauimbiranso nyimbo.

Ndipo muzu uja unagwira. Dzanja la Dzonzi silinali la masewera. Masamba anatuluka, nakula, nakulabe. Anafika pa kabichi, napitirira. Bulu wa munthu wina anagona pansi pa tsamba limodzi masana onse osapsa ndi dzuwa. Koma masambawo anali ofewa lobodo, amadzimadzi, ndipo ufa uja wa kunsi kwake unatha. Duwa osaoneka.

Mvula inabwera, inapita. Chisanu chinabwera, chinapita. Nangozo tsopano ankayenda ndi ndodo. Dzonzi ankamugwira mkono kupita naye kudimba.

"Anangozo, taonani masamba! Kwanu amafika apa?"

"Ayi. Kwathu safika apo."

"Mwaona? Dikirani tsono maluwa ake. Adzakhala ngati malichero."

Nangozo ankagwedeza mutu, n'kupempha kubwerera pakhonde.

Chilimwe chinafikanso. Utsi unaonekanso pamwamba pa mapiri. Dzonzi ankafunyulula masamba aja limodzilimodzi kufuna kamphukira ka duwa, osapeza. Masiku omwewo Malizani anatsika kudzagulitsa kachewere pamsika, napatukira kwa mlamu wake. Analowa pabwalo akufuula kale nthabwala, koma ataona mlongo wake pakhonde, nthabwalayo inamufera pakamwa. Anakhala pansi, namugwira dzanja. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anamutsatira Dzonzi kudimba.

"Alamu, mlongo wangayu ndimutenge."

"Dikirani pang'ono. Duwali likangochita maluwa achira, muona."

Malizani anayang'ana chitsamba chija, napukusa mutu. "Ichi ndi chiyani? Mwachinenepetsa ngati nkhumba ya pa Khirisimasi. Duwa limeneli silituluka lisanaone moto, alamu. Koma ine sindinabwerere duwa. Ndikunena za munthu."

"Moto?"

"Ndati ndikunena za munthu."

Koma Dzonzi anali atatola kale chimene ankafuna kutola. Malizani anabwerera kwawo akung'ung'udza, nati akauza ankhoswe.

Tsono Dzonzi sankadziwa kupereka pang'ono. Ngati duwa la mkazi wake likufuna moto, lilandire moto weniweni, osati wa chibwana. Anagwetsa kadenga kaja. Anatuta mapesi a munda wonse. Anawonjeza zitsononkho. Anawonjeza nkhuni za tsanya, zija zimayaka lero n'kudzazima mkuja. Mulu unafika pa nkhokwe. Anayatsa.

Moto umenewo anthu a m'chigwamo amaukambabe. Madzi a m'chitsime anafunda, mudzi wonse unasamba madzi otentha sabata yathunthu. Mbatata za m'dimba loyandikana anazikumba zili zootcha kale, ana n'kumangosenda.

Chimene Dzonzi sanadziwe n'chakuti moto uli pawiri. Lupsa la kuphiri ndi mlendo wapanjira. Udzu wake ndi wopyapyala, mphepo ili kumbuyo kulikankha. Limangonyambita pamwamba n'kudutsa, ndipo ukafukula dothi ndi chala pambuyo pake umapeza pansi pali zii. Moto wa Dzonzi sunali wapanjira. Unafika, unakhala pansi, unatambalala miyendo.

Dzonzi anasesa phulusa, nayamba kudikira. Sabata inatha. Yachiwiri inatha. Ankagwada m'mawa uliwonse, mphuno pafupi ndi dothi. Sabata yachitatu anafukula ndi manja. Muzu uja, umene unapinda khasu, umene agogo a Malizani anaupatsa moni, unatuluka uli khala. Ataufinya pang'ono unanyenyeka.

Anautola m'manja awiri, napita nawo pakhonde. Anaima pamaso pa mkazi wake, manja ali bii, nkhope ili bii.

Nangozo anayang'ana khala lija. Anayang'ana mwamuna wake. Kenako anaphulika kuseka.

"A Dzonzi inu! Mwaliwotcha ngati chinangwa!"

Anaseka mpaka kugwira nthiti. Anaseka mpaka kutsokomola. Chinali chaka ndi miyezi kuseka kumeneko kusanamveke pakhomopo, moti nkhuku zinathawa. Koma kusekako kutafika kumapeto kunatembenuka, misozi n'kuyamba kutsika, ndipo sinali misozi ya kuseka.

Dzonzi anakhala pansi pa dothi. "Ndinalipatsa zonse," anatero. "Madzi. Manyowa. Mthunzi. Mpanda. Ngakhale moto ndinalipatsa. Ndinalimana chiyani?"

"Simunalimane kanthu."

"Nanga?"

Nangozo anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Nanga ine mwandimana chiyani, a Dzonzi?"

Dzonzi anatsegula pakamwa kuti awerenge: nkhuku, mazira, nkhuni, phwetekere woyamba. Asanatchule ngakhale chimodzi anatsekanso. Anayang'ana khala lili m'manja mwake. Anayang'ana mkono wa mkazi wake, wowonda ngati bango. 

Pamapeto pake ananena chimene anachisunga zaka zisanu. "Mukapita simudzabwera."

Ankayembekeza kuti Nangozo alumbira kuti adzabwera. Nangozo sanalumbire.

"Kaya," anatero. "Inenso sindikudziwa. Sindikufuna kukunamizani."

M'mawa mwake matimati a Dzonzi anali atapsa psuu dimba lonse, ogula ali m'njira ndi madengu awo. Dzonzi sanapite kudimba. Anatenga chitenje chachikulu, nagwada pamaso pa mkazi wake, namupatsa msana.

"Kwerani."

"Anthu atiseka."

"Anayamba kale."

Anamubereka ngati mwana, namanga chitenje pachifuwa. Anadutsa pakati pa mudzi dzuwa likutuluka. Akazi pamjigo anasiya kupopa. Wina anafuula, "A Dzonzi, khandalo mwabereka liti?" Dzonzi anayankha, "Dzulo, ndipo labadwa ndi mano." Koma mumtima sankaseka, chifukwa katundu wake anali wopepuka ngati dengu la thonje, ndipo kupepukako kunkamulemera kuposa thumba la chimanga.

Anadutsa milambe. Anadutsa misuku. Anafika pamene mitengo imayamba kufupika, kenako pamene imatheratu. Thukuta linauma pamphumi. Mphepo ya kumtunda inawapeza, yozizira, yonunkha phulusa. Dzonzi anamva mkazi wake akukoka mpweya kumbuyo kwake, kukoka kwautali, ngati munthu waludzu wapeza mtsuko.

"Nditsitseni," anatero Nangozo.

Anamutsitsa. Anali pamtunda paja. Dzuwa linali lisanalowe, ndipo maluwa anali asanatsinzine. Ulendo uno Dzonzi analibe dengu, analibe khasu, choncho anayang'ana. Anaona mmene tsinde lililonse linasankhira mng'alu wake pakati pa miyala. Anaona mphepo ikuweramitsa maluwa onse pamodzi, iwo n'kudzukanso. Panalibe mpanda, panalibe wothirira. Dothi lake, akanamupatsa ulere kuti alimepo, akanakana.

Nangozo anavula nsapato. Anayenda mapazi khumi wopanda ndodo, nakhala pansi paphulusa pakati pa maluwa. Sanathyole ngakhale limodzi. Anangotembenuza tsamba, naona kuyera kwa kunsi kwake, nalibweza.

Malizani anawaonera patali ali m'munda mwake, nabwera chothamanga. Anafika ali wefuwefu, nayang'ana mlongo wake, nayang'ana mlamu wake ndi chitenje chili pachifuwa. 

Amene anayamba kulankhula anali Nangozo. "Achimwene, kachewere alipo kunyumba? Ndili ndi njala."

Dzonzi atamva mawu amenewo, anatembenukira kumbali ngati kamchenga kamulowa m'diso. Kenako anamasula chitenje chija, nachipinda bwinobwino, nachiika pamiyendo pa mkazi wake.

"Khalani, Anangozo. Tsiku sindikuikirani."

"Alamu, gonani konkuno," anatero Malizani. "Mutsika mawa. Bulangete lilipo, ngakhale kuti ndi lalifupi ngati mwini wake."

"Ayi. Ndikagona kuno, mawa ndidzuka ndi chifukwa china. Ndimadzidziwa."

Anatsika yekha, nagona kwa anthu m'njira, nafika kwawo mawa lake. Matimati anali atayamba kugwa okha. Sanawatole.

Masiku anayamba kuyenda ngati nkhono. Chizimalupsa chinagwa, utsi wa kumapiri unatha, Nangozo osabwera. Dzonzi anadziwa kuti maluwa aja afota tsopano, udzu watsopano wawakwirira. Ndiye chomusunga kumeneko n'chiyani? Kawiri anavala nsapato kuti akwere. Kawiri anazivula. Mkulu wake anabwera, nakhala naye pakhonde, nati, "Usadandaule, mphwanga. Zaka zitatu zoyamba ndiye zowawa."  Uthenga Dzonzi sanatumize. Anangopita kumunda kukaunga mizere, chifukwa mitambo inali itayamba kusonkhana.

Mvula yobzalira inagwa Lachiwiri. Lachitatu m'mawa Dzonzi anatenga khasu ndi mbale ya mbewu ya chimanga. Kubzala ndi ntchito ya anthu awiri, wina patsogolo kutema mapando, wina pambuyo kuponya mbewu ndi kukwirira. Munthu akakhala yekha amayenda mzere umodzi kawiri. Dzonzi anaika mbale ija kumutu kwa munda, nayamba kutema. Anatema mzere wonse mpaka kumapeto. Anatembenuka kuti akatenge mbale.

Mbale inali m'manja mwa munthu. Munthuyo anali pakati pa mzere kale, matope mpaka m'mawondo, kamtolo kake kali pachitsa. Ankaponya mbewu, n'kukwirira ndi chidendene, kuponya, kukwirira, osadzutsa mutu. Masaya anali atabwerera. Ndodo panalibe.

"A Dzonzi," anatero Nangozo, "mapando anuwa ndi okhota. Mumatema mukuyang'ana kuti?"

"Kuphiri."

"Yang'anani pansi. Chinyezi chikutithawa." Anaponya mbewu zina ziwiri, nakwirira. "Ndipo mumve. Chaka chamawa kwathu kukapsa, ndikwera. Tsiku lotsika ndidzanena ndekha."

Dzonzi anavomera ndi mutu. Anayamba mzere wachiwiri. Unakhota kuposa woyamba, koma tsopano chifukwa chake chinali madzi a m'maso.

Tsono iwe amene wamva, usamuseke kwambiri Dzonzi. Sanali woipa, anali wamantha, ndipo mantha ake anawaveka malaya a chikondi mpaka iye mwini osawazindikira. Mwina nawe uli naye wako: mkazi amene unamutenga kutali, kapena amayi ako okalamba amene unawachotsa kumudzi n'kuwatsekera mumpanda wa njerwa m'tauni, ukuwadyetsa mpunga ndi nyama, ukudabwa kuti akuwonderanji. Usawerenge zimene wawapatsa. Funsa kumene amayang'ana dzuwa likapendeka, ndipo uwaperekeze kumeneko miyendo yawo ikadali ndi mphamvu.

Sindikukulonjeza kuti adzabwerera. Ena sabwerera. Koma amene wamutsekera pakhomo sungadziwe ngati ali nawe kapena akungosowa potulukira. Wako ndi amene unamusiya paphiri, njira akuidziwa, n'kutsika yekha.